A Zahari ndi Zidindo za M'mafilimu

Anthu amaonera filimu pa zifukwa zosiyanasiyana: ena kuti alire, ena kuti aseke, ena kuti angowodzera pamalo ofunda. Malemu Zahari Dulgerov, amene tauni yonse inkawatcha bai Zahari (bai ndi mawu aulemu a kuno oitanira bambo wachikulire), ankaonera kuti ayendere mapepala. Anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu mu ofesi ya kaundula kukhonsolo, kulemba obadwa, okwatirana ndi omwalira, ndipo atapuma sanaone chifukwa chosiyira ntchitoyo poti anthu ake tsopano anali mkati mwa wailesi yakanema. Mtsikana alire, nyumba ipse, sitima imire ndi anthu ake, iwo maso ali patebulo la kumbuyo kuja: kodi chikalatacho chadindidwa?

Nkhani zawo aliyense m'tauni muno amazifotokoza akuseka, kupatula Velichka Toneva, mphunzitsi wopuma amenenso ndi mlembi wa kalabu ya okalamba. Velichka amaseka mpaka pakati pa nkhani, kenako amavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ngakhale ali oyera. Ndi iye amene analemba kalata yowachotsa a Zahari m'kalabumo kutatsala miyezi inayi kuti amwalire, ndipo chilembereni kalatayo mtima wake sunakhale pansi.

Kalabuyo imakumana Lachinayi lililonse 4 koloko masana m'chipinda cha pamwamba pa laibulale. Masiku amenewo munali mamembala khumi ndi awiri. Mwambo wake ndi wosavuta: kuonera filimu imodzi, kumwa khofi ndi banitsa yotentha, chitumbuwa cha kuno chokhala ndi tchizi mkati, kenako aliyense kunena maganizo ake, kuyambira kumanzere, pa filimuyo ndi pa sewero lopitirira limene tauni ikutsatira pakanema mwezi umenewo. A Zahari ankakhala kumapeto kwenikweni kudzanja lamanja, pafupi ndi Velichka, kuti alankhule omaliza. Ankati dongosolo limatero: anthu wamba kaye, kenako ofesi.

Tsiku lina anaonera yachikondi, ya msilikali wovulala amene anakwatira namwino wake ali gone pabedi la chipatala, n'kutsirizika mphete isanafunde n'komwe pachala. Ruska, amene anaphikira ana asukulu moyo wake wonse ndipo amalira ngakhale pa kanema wotsatsa sopo, ananyowetsa mipango iwiri.

"Tiyambe ndi iwe, Ruska," anatero Panayot, wapampando, amene kale ankayang'anira mabasi ndipo mpaka lero amayendetsa msonkhano diso lili pawotchi.

"Ndilibe mawu ine, abale anga. Mwana wa eni wasanduka namfedwa asanalawe n'komwe keke!"

Mawu anazungulira, aliyense akuusa moyo, mpaka anafika kumapeto.

"Pukutani misozi, mayi," anatero a Zahari. "Namfedwa palibe."

"Palibe bwanji? Simunamuone akutseka maso?"

"Kufa wafa, sindikukana, ngakhale dokotala uja sanalembe nthawi. Koma ukwati kulibe. Mboni inali imodzi, ndiponso inkanunkha mowa, ndinaona mayendedwe ake. Wokwatitsayo sanafunse chiphaso cha aliyense. Mtsikanayo ndi mbeta monga anabadwira. Akayerekeza kupita kuofesi monga mkazi wa malemu, akamubweza ali pakhomo."

"Inu, bai Zahari, mtima muli nawo koma?"

"Ndili nawo, ndi chikalata chake chomwe. Dokotala anadinda mwezi watha."

Chaka chotsatira tauni inagawanika pawiri chifukwa cha sewero lina. Mwamuna amene anasowa panyanja anatulukira patatha zaka khumi ndi ziwiri, n'kupeza mkazi wake atakwatiwa ndi wogulitsa mankhwala. Pogula buledi anthu ankakangana, pometa ankakangana, ngakhale wansembe ankadziwika mbali imene ali. Ruska anali wa mwamuna woyamba. Panayot anali wa wachiwiri, pa chifukwa chakuti wachiwiriyo ankasunga nthawi.

"Mukudzivutitsa," anatero a Zahari. "Woyambayo ndi wakufa."

"Wakufa? Munthu akuyenda, dzulo lomweli wadya nyemba mbale ziwiri!"

"Ambiri amayenda, mayi. Khoti linamulemba wakufa, ndiye kuti ndi wakufa mpaka khoti lomwelo litamudzutsa. Ine ndinali naye mmodzi wa kumudzi wa kumtunda uku. Anakhala wakufa zaka zitatu. Ankabwera Lolemba lililonse kudzadandaula, chipewa chili m'manja. Munthu waulemu kwambiri."

"Ndiye munamuthandiza?" anafunsa Panayot.

"Tinamudzutsa chaka chachinayi. Patatha miyezi iwiri anamwaliradi, ndipo fayilo yake inali yokonzakonza kale. Palibe maliro amene anayenda bwino ngati amenewo."

Za seweroli a Zahari analembera kalata eni ake kulikulu, ku Sofia, masamba anayi, kufotokoza zolakwika khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Yankho linabwera patapita miyezi itatu, mizere iwiri yowathokoza chifukwa chokhala woonera wokhulupirika. Analibweza tsiku lomwelo chifukwa linalibe nambala ndiponso linalibe tsiku.

Musaganize kuti panalibe filimu imene anaikonda. Inalipo imodzi, yakale, yopanda mtundu, ya mlimi amene kwa maola awiri ankangoyang'ana munda wake mvula ikugwa. Theka la kalabu linagona. Koma penapake pakati, mlimiyo analowa mu ofesi, ndipo kalaliki wina wa ndevu zake ananyowetsa chidindo, anachipumira mpweya, anachitsitsa mowongoka, n'kudikira inki iume asanapereke pepala. Zonsezi sizinathe mphindi. A Zahari anaimirira n'kuwomba m'manja okhaokha, mpaka ogona anadzidzimuka kuganiza kuti filimu yatha.

"Mwamuona? Wadikira iume! Ameneyo si wazisudzo, ameneyo anagwirapo ntchito!"

Maganizo awo pa kamphindi kameneko anatenga mphindi makumi anayi. Banitsa inazizira, Panayot anavula wotchi n'kuiika patebulo moonetsera, koma a Zahari anayesa kuti wapampando akufuna kumvetsera bwino.

Velichka yekha ndiye sankatopa nawo kwenikweni, ngakhale pagulu ankausa moyo ngati anzake. Filimu ili mkati iwo ankamunong'oneza, "Mayi mlembi, taonani pasipoti iyo, chithunzi achimata mbali yolakwika," ndipo iye ankadziluma mlomo kuti asaseke. Ndiponso ankakumbukira zinthu zina. Mwamuna wake atamwalira, a Zahari anabwera ndi chikalata cha imfa kunyumba okha, mvula ikugwa, atachikulunga m'nyuzipepala, kuti namfedwa asakaime pamzere kukhonsolo. Sanapepese maliro ndi mawu ambiri. Anangoti, "Dzina ndalemba bwino, onani," n'kukhala pampando ola lathunthu osalankhula.

Zinafika poipa mu Okutobala. Sewero limene tauni inalitsatira miyezi isanu ndi itatu linkatha Lachinayi masana, ndipo kalabu inagwirizana zosiya filimu kuti aonere gawo lomalizalo limodzi. Funso linali limodzi: kodi mwana wamasiye uja bambo ake ndani? Yankho linali m'chikalata chimene nkhalamba yolemera inasiya pomwalira. Loya anatsegula envelopu. Kanema inaonetsa pepalalo pafupi. M'chipindamo munali zii, ngakhale masupuni anaima m'makapu.

A Zahari anadzuka, anayenda mpaka kutsogolo, n'kugunditsa mphuno pagalasi la kanemayo.

"Khalani pansi!"

"Pang'ono chabe. Sindikuona sayini ya mboni yachiwiri."

"Bai Zahari, chokani apo, ndakupemphani!"

"Tsiku alemba ndi inki ina. Mwaona? Inki ina!"

Kumbuyo kwa msana wawo kunamveka mkazi akukuwa, galasi likusweka, wina akuti "Ndiwe?", nyimbo n'kukwera. Mmene ankapatuka, pakanema pankayenda mayina a osewera. Anthu khumi ndi mmodzi amene anadikira miyezi isanu ndi itatu anaona jekete la a Zahari, lotuwa, losokedwa pachigongono.

"Musadandaule," anatero akubwerera pampando. "Kaya bambo ake ndani, chikalatacho n'chabodza. Mwanayo sapeza kanthu."

Silipasi ya Ruska inawaphonya pang'ono n'kukagunda chithunzi cha amene anayambitsa laibulale. Yankho lija mamembala anakalimva m'mawa mwake kwa wogulitsa buledi, amene analifotokoza mosokoneza.

Lachinayi lotsatira a Zahari anapita ku mzinda wa Pleven kukaonetsa maso. Panayot anati mwayi wotere subwera kawiri. Opezekapo anali khumi.

"Ndani akuti achoke?"

Manja asanu ndi awiri anakwera, la Ruska patsogolo.

"Ndani akukana?"

Awiri, kuphatikizapo bambo wina wosamva amene mpaka lero palibe akudziwa ngati anamva funso.

"Nanga iwe, Velichka?"

"Ine ndikulemba," anayankha Velichka, maso ali papepala. Anadziuza mumtima kuti mlembi alibe mbali, dzanja lake ndi la cholembera, ndipo pochoka pamenepo anadziona woyera kuposa anzake onse.

"Asanu ndi awiri mwa khumi. Ambiri avomera. Ulembe kalata, ndipo uilembe bwino, ukumudziwa mwini wake."

Anailemba katatu. Anaika nambala, tsiku, chiwerengero cha manja monga anakwerera, chidindo cha kalabu ndi sayini ya wapampando. Poti palibe amene anafuna kukapereka, anapita nayo yekha Loweruka m'mawa. Anawapeza pakhonde akusenda tsabola wowotcha woti asunge m'mabotolo. Ataona envelopu anakasamba m'manja kawiri, anavala jekete, n'kukhala patebulo ngati ali kuntchito.

Anawerenga kamodzi. Anabwerera pamwamba n'kuyambanso. Pakati pa tsamba chala chawo chinaima kanthawi, kenako chinapitirira mpaka pansi.

"Mwalemba ndinu, mayi mlembi?"

"Ndine, bai Zahari. Koma ine ndangolemba chabe, zogamulazo ndi za msonkhano."

"Dzanja labwino. Nambala ilipo, tsiku lilipo, chidindo chakhala mowongoka." Anatulutsa cholembera m'thumba. "Ndisayine pati?"

Anasayina makope onse awiri, anadikira inki iume, ndipo potsanzikana anamupatsa botolo la tsabola. Velichka anabwerera kwawo atapepukidwa. Tinene zoona, anabwerera akunyada. Anauza Ruska kuti pepala lake ndi loyamba m'mbiri ya tauni kudutsa m'manja mwa a Zahari osapezeka ndi banga.

Kuyambira pamenepo, Lachinayi lililonse a Zahari ankapezeka ali ndi chochita pafupi ndi laibulale. Kawirikawiri ankakhala pabenchi yodikirira basi, ngakhale chisanu chitagwa, ndipo basi ikabwera ankaiuza ndi dzanja kuti ipite. Mamembala ankatsika masitepe n'kupeza mwadzidzidzi kuti msewu wa kuseri ndi wachidule.

"Mwaonera chiyani lero, mayi mlembi?"

"Ina yake ya apolisi."

"Analowa m'nyumba ya munthu?"

"Analowa."

"Anali ndi chilolezo cha khoti?"

"Sindinayang'ane, bai Zahari. Pepani, ndasiya mphika pamoto."

Kunyumba kunalibe mphika pamoto. Zoterezi zinachitika katatu, ndipo ulendo wachitatu a Zahari anayamba okha: "Thamangani, mayi, ungapserere."

Anamwalira mu Febuluwale, masana, ali pampando wawo, kanema ili chiyakire. Akuti kalaliki wa masiku ano wa kukaundula anawerenga chikalata cha imfa yawo katatu, n'kuitananso mnzake kuti awerenge, asanalimbe mtima kudinda. Kumaliro kalabu yonse inapita, inaima kumbuyo, ndipo Ruska analira kuposa mdzukulu wawo wa ku Pleven.

Masiku makumi anayi chimwalirire atayandikira, monga mwa mwambo wa kuno, inakwana nthawi yomata mapepala atsopano okumbukira malemu pachitseko chawo, pamitengo ya mumsewu ndi pakhoma la tchalitchi: chithunzi, dzina, mawu awiri atatu, ndipo pansi pake, amene akumulira. Achibale anali atakonza lawo. Anzawo akale a kukhonsolo anali atakonza lawo. Kalabu yopanda pepala lake ikanaoneka ndi aliyense wodutsa, ndipo kalabu yokhala ndi pepala inayenera kusankha mawu.

"Pansipa tilemba chiyani?" anafunsa Panayot. "Mamembala anzake? Si membala. Tauni yonse ikudziwa."

"Ingolembani kuti anzake," anatero Ruska.

"Anzake amene anamuthamangitsa? Ukufuna atiseke pogula buledi?"

"Ndiye timubwezeretse! Tikweze manja pompano."

"Wobwerera amalemba kalata yopempha, n'kusayina."

"Ndimusayinira ine."

"Iwe Ruska, kusayinira bai Zahari? Ukufuna adzuke?"

Velichka sanaseke. Pepala limeneli ankalifuna kuposa onse, ndipo ankafuna mawu akuti membala alembedwepo, akuluakulu, kuti mwina iye azitha kudutsa pabenchi ija osathamanga. Anapita kukabati n'kutulutsa malamulo a kalabu, amene palibe anawatsegulapo chiyambire, kuti aone ngati pali kakhomo kolowetsera wakufa. Anali olembedwa pamanja, ndime makumi anayi ndi imodzi, zilembo zoima ngati asilikali. Mwini dzanjalo ankamudziwa aliyense. A Zahari ndiwo anawalemba kalabu itangobadwa.

Kakhomo ka akufa sanakapeze. Anapeza ndime ya khumi ndi chisanu ndi chiwiri, ndipo anaiwerenga mokweza: membala achotsedwa pokhapokha atavomereza magawo awiri mwa atatu a mamembala onse, osati a opezekapo okha.

Panayot anawerengera pazala. "Onse tinali khumi ndi awiri. Ndiye pankafunika asanu ndi atatu."

"Anakwera asanu ndi awiri," anatero Velichka.

Nkhope ya wapampando inawala ngati ya munthu amene basi yake yafika isanakwane nthawi.

"Ndiye kuti sitinamuchotse! Mwamva, anthu inu? Sitinamuchotse konse! Ankangojomba yekha!" Anamenya tebulo. "Lemba, mayi mlembi: membala, kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza. Ulembenso m'mfundo za lero kuti kujomba kwake konse msonkhano wakhululuka."

Ruska ankaseka uku akulira. Bambo wosamva uja anakweza dzanja kuvomereza, posadziwa kuti sakuvota. Chipinda chonse chinapuma ngati chatula katundu.

Velichka anali akuonabe m'maganizo chala chija cha a Zahari, chitaima pakati pa tsamba, pamzere wa chiwerengero cha manja.

"Anadziwa," anatero.

"Anadziwa chiyani?"

"Kuti kalata ija n'njopanda ntchito. Ndimeyi analemba okha. Munthu woona inki ina pakanema akanalephera kuona kuti pasowa dzanja limodzi?"

"Ndiye analekeranji kubwera? Akanabwera ndi malamulowa Lachinayi lotsatira, n'kutinyenyanyenya mpaka dzuwa kulowa. Likanakhala tsiku lokoma kuposa onse a ukalamba wake!"

"Kuchotsa membala pamafunika asanu ndi atatu, Panayot. Kuti munthu adziwe kuti sakufunidwa, asanu ndi awiri akwana. Ndi mmodzi wongolemba."

Panayot anayang'ana pawotchi, koma ulendo uno sananene nthawi.

Pepala linamatidwa. Linatuluka bwino, chithunzi chake cha a Zahari atavala tayi, akuyang'ana wojambula ngati akumukayikira chiphaso. Pansi pake panalembedwa kuti mamembala anzake, ndipo zinali zoona, mwalamulo. Anthu anadya tirigu wowiritsa wothira shuga, chakudya chokumbukira akufa, pabwalo la tchalitchi, ndipo mdzukulu uja anathokoza kalabu chifukwa chosamalira agogo ake mpaka mapeto. Panayot analandira mawuwo m'malo mwa onse. Velichka anatafuna supuni imodzi ya tirigu nthawi yaitali.

Kalabu ikukumanabe. Tsopano filimu imayamba 4 koloko n'kutha mmene anaikonzera eni ake, popanda woimirira, popanda wonong'oneza. Akufa amafa, okwatirana amakwatirana, apolisi amathyola zitseko mmene afunira. Banitsa imadyedwa ili yotentha. Sabata yatha anaonera ya abale awiri amene anagulitsana nyumba ya makolo awo m'nyumba yodyera, n'kulemberana pakapepala kopukutira pakamwa. Mawu anazungulira kuyambira kumanzere.

"Yabwino."

"Yabwino ndithu."

"Yotalika pang'ono, koma yabwino."

"Ine ndalira," anatero Ruska, mpango uli wouma m'manja.

"Velichka?"

Velichka anavula magalasi. "Nyumba ija sanagulitsane bwino."

Mitu yonse inatembenuka, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri m'chipindamo munaoneka anthu ofuna kumva.

"Chalakwika n'chiyani?" anafunsa Panayot.

"Sindikudziwa. Koma chilipo."

Anadikira. Wina anakhosomola. Kunja basi inaima, inatsegula zitseko, n'kupitirira. Panayot anafunsa ngati pali wina wowonjezera, ndipo panalibe. Anatseka msonkhano, onse anatsuka makapu, natsika masitepe mmodzimmodzi dzuwa lisanalowe, aliyense osadziwa chokachita kunyumba nthawi imeneyo.